Mayi Ida Kalimanjira, Namwino Amene Anakakamizidwa Kusankha

Abusa, abale ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Ida Kalimanjira, Anachisale. Anabadwa pa 9 Malichi 1979 m'mudzi mwa Kamphinda, m'boma la Dedza. Anali achitatu m'banja la ana asanu.

Pulayimale anaphunzira kwawo komweko, sekondale ku Likuni, ndipo maphunziro a unamwino anachitira ku Nkhoma. Mu 2003 analowa usilikali ngati namwino. Mu 2005 anamanga banja ndi Bambo Eugene Kalimanjira mu mpingo wa CCAP. Amene anawadziwa masiku amenewo amati anali munthu wa nthabwala, woseka mpaka odwala kuiwala jakisoni.

Zimene zikutsatirazi malemu anazisunga mumtima zaka zambiri. Anauza amuna awo okha, ndipo anapempha kuti zidzanenedwe pa tsiku ngati lino.

Mu 2014 anatumizidwa kum'mawa kwa dziko la Congo pamodzi ndi asilikali osungitsa mtendere. Tsiku lina m'mawa, akupereka katemera pa kachipatala ka kumudzi, kunatulukira zigawenga zimene zinkathawa nkhondo. Zinagwira malemu pamodzi ndi amayi makumi awiri ndi atatu, ambiri ali ndi ana kumbuyo. Cholinga chawo chinali choti anthuwo akhale chishango. Malemu anakwezedwa pamwamba pa lole yonyamula mfuti, atavala chipewa chawo chabuluu cha osungitsa mtendere, kuti asilikali anzawo a m'ndege awaone, asaombere. Amayiwo ankayenda mozungulira loleyo.

Msewu umene ankatsata unali wotcheredwa mabomba. Mkulu wa zigawengazo analamula kuti m'mawa uliwonse amayi atatu azitsogola kuti mabombawo aziphulikira iwo, ndipo wowasankha akhale namwino. Malemu anagwada, nati atsogola okha. Iye anawaseka, nawauza kuti chipewa chabuluu chimodzi chimateteza kuposa mudzi wonse, ndipo akakana kusankha awombera amene ali pafupi. Malemu anakana. Mkuluyo anawomberadi mayi wina pamaso pawo. Kuyambira tsiku limenelo, malemu ankaloza chala.

Anayenda masiku khumi ndi limodzi. Zigawengazo zitafika kunkhalango, zinawasiya m'mbali mwa mtsinje. Mwa amayi aja, amene anabwerera kwawo anali asanu ndi anayi.

Atafika ku Malawi anapatsidwa mendulo. Sanaivalepo. Anasiya usilikali chaka chotsatira, ndipo mu 2017 banja linasamukira kuno ku America, ku Indiana, kumene Bambo Eugene anapeza mwayi wa maphunziro ku South Bend. Malemu anayamba ntchito yosamalira okalamba. Ankasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza odwala ndi dzanja lofewa, moti mabanja ankawapempha potchula dzina. Kawiri konse anafunsidwa kuti akhale woyang'anira anzawo, ndipo kawiri konse anakana. Anauza mnzawo, Mayi Sophia, kuti: "Ndipatseni shifiti iliyonse, ndiigwira. Koma zoti ndizinena kuti uyu apite uku, uyu apite uko, ayi."

Mu 2020 anasamukira ku Indianapolis. Poyamba anakhala m'dera la Speedway, koma phokoso la mpikisano wa galimoto m'mwezi wa Meyi linkawakumbutsa za ku Congo, choncho anasamukiranso m'dera la Lawrence. Kumpingo sankajomba. Ankafika oyamba kudzakonza mipando, ankaphika pa maliro a aliyense, koma kumgonero sankapita. Abusa anakambirana nawo kangapo za chikhululukiro. Ankamvetsera mwaulemu, n'kuthokoza, Sabata lotsatira n'kukhalanso pampando wakumbuyo. Madokotala anayesa mbali yawo, ifenso tinayesa kupemphera nawo. Sitinganame pamaso pa bokosi ili kuti zinathandiza. Ana awo anakula osamva kuseka kuja tatchula.

Matenda a kuthamanga kwa magazi anayamba mu 2021. Pa 2 Novembala chaka chino anagwa ali kuntchito, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu. Masana a tsiku lomaliza lilime linamasuka pang'ono, ndipo anauza amuna awo kuti: "Bambo a Upile, ndinkayamba ndi amene analibe mwana kumbuyo. Atatha amenewo, ndinkangoloza. Mulungu akandifunsa ndikanena zomwezi. Kaya zikamveka." Anatisiya pa 23 Novembala, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu.

Asiya amuna awo, Bambo Eugene; ana awiri, Upile ndi Mervin; mayi awo owabereka ku Dedza, amene akutsatira mwambo uno pa foni; achimwene awo awiri, a Yohane ndi a Kenan; ndi mng'ono wawo, Chawezi.

Mtendere anapita kukasungitsa kwa eni, iwo osabwera nawo. Ife tinalephera kuwapatsa. Anachisale apumule mu mtendere.