Khonde la mphelo la a Lungu

Zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkagula ngakhale mchele pamsika wopanda kadi la chipani, kwathu kunjila ya ku Luembe atcheyamani a chipani anafuna ofesi ya miyala. Sendelani kuno atsikana, koma manja asaleke kusenda nshawa.

Lelo mmisili amangolumikiza makina kumagetsi, vwii, mwala wasalala. Kale mwala wa khoma ankangousema ndi nyundo, n'kuusiya wokhakhala, koma wopondapo ankaukwecha ndi mchenga ndi madzi mpaka msana kuuma. Atcheyamani ankafuna khonde lonyezimila, kuti bwanamkubwa wa ku Petauke akabwela kudzatsegula, adzionele nkhope pansi.

Nchito anaipatsa a Lungu, mmisili wochokela ku Katete, wokonda mowa ndi akazi a eni ake. Mkazi wao Estele anachita kumulanda kwa mphunzitsi wina wa ku Minga, mphunzitsiyo ali m'kalasi! Ee, musaseke, anali wokongola Estele, ndipo a Lungu ankamukonda ngati opusa.

Masiku atathela ku mowa, a Lungu anaona kuti kukwecha sikutheka. Ndiye anatenga ngolo kupita kubwinja la kutsidya la mtsinje, komwe kunali mphelo zambili zovundikila. Kwathu mkazi akamwalila, mphelo yake ankaivundikila kuti nayenso apumule, koma mlendo akanadziwa bwanji? Safunsa anadya phula. Anazitembenuza, naona kusalala kwake, nati, "Nchito yatha kale iyi!" Anasankha zosakumbika kwambili, naziyala pakhonde ndi simenti, ndipo Estele anazipaka mafuta a nsatsi mpaka zinawala.

M'mawa mwake tinapeza ufa wa mawele pakhonde, woyela bwino, ngati wangopeledwa kumene. Koma chaka chimenecho palibe analima mawele m'mudzi monse. Estele anasesa. Tsiku lotsatila, ufa uja ulipo.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, ndikuchokela kuchitsime, ndinamva gwele, gwele, gwele. Ndinapeza Estele atagwada pakhonde, akupela ndi manja okhaokha, wopanda mwala wopelela, maso ali gwa.

"Estele, mnzanga, ukuchita chiani?"

Anandiyankha ndi mau a nkhalamba, m'Chinsenga chakale chimene iye sankachidziwa n'komwe, kuti alendo achuluka, ufa sukwanila.

Tinamukoka anthu anai, osatheka. Dzuwa litapendeka anadzuka yekha, osakumbuka kanthu, zikhatho zili magazi. Tsiku lililonse masana zinali zomwezo, ngakhale amutsekele m'nyumba, ndipo khungu la m'manja linayamba kutha.

A Lungu anapita kwa atcheyamani atavula chipewa. "Bambo, ndiloleni ndichotse miyala ija, mkazi wanga akutha."

"Bwanamkubwa abwela mawa, iwe ukuti uchotse? Ukhudze mwala umodzi, ndiwe mdani wa chipani. Mkaziyo mumange ndi chingwe."

Inu ana a lelo mumatukwana akuluakulu pa foni, simudziwa kulemela kwa mau amenewo. Mdani wa chipani sankagula, sankagulitsa, ngakhale moni anthu ankaopa kumupatsa.

Masana a tsiku la phwando lotsegulila ofesi, ife amai titavala zitenje zofanana tikuimba kumseu, Estele anagwadanso. Apo a Lungu anatulukila ndi nyundo, nayamba kusema mphelo imodziimodzi, kuchotsa nkhope yosalala ija, gho, gho, gho, pamaso pa anthu onse. Anyamata a chipani anawamenya ndi ndodo kumsana ndi kumutu, koma iwo osaleka. Atafika pa mwala umene Estele ankapelapo, anamugwila manja nawaika pambali, naumenya mwalawo. Estele anausa moyo ngati munthu wotula mtolo, nati, "A Lungu, mwatani kumutu, magaziwo?"

Atcheyamani anawalanda kadi a Lungu, ndipo iwo ndi Estele anachoka m'mudzi wapansi, awiliwili. Ndinakumana naye Estele patapita zaka pamsika wa Nyimba, wonenepa, ana asanu, a Lungu akali naye. Estele anandipatsa moni wa m'manja. Chikhatho chake chinalibe mzele ngakhale umodzi, chosalala, chozizila ngati mwala wa mumtsinje.

Ndiye ana anga, mukadzamanga zanu, ikani matailosi anu a m'sitolo, palibe mlandu. Koma mukapeza mwala kuthengo wosalala kale, usiyeni mmene mwaupezela. Alipo amene anausalaza, ndipo mwina sanamalize.