Masiku Asanu ndi Anayi Ndikudikira Dzuwa

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Inu mwayamba kale kuseka kumbuyoko, dziwani kuti ine m'tchalitchi sindinama. Mayi a kunyumba ali apowo, mukawafunse.

Mwana wathu Tadala ndi namwino ku Ayalandi. Chaka chatha titangomaliza kubzala chimanga, anatitumizira matikiti a ndege kuti tikapume kumeneko mwezi wa Disembala. Ine ndimadwala kuthamanga kwa magazi. Ndisananyamuke ndinakatenga mapilitsi anga kuchipatala, m'kathumba kojambulidwa dzuwa kaja. Zaka zisanu ndi ziwiri ndamwa motsatira lamulo limodzi: dzuwa likatuluka, limodzi, likalowa, limodzi. Wotchi ndinalibe nayo ntchito.

Abale, dziko lija dzuwa kulibe. Ndikunena zoona. M'mawa woyamba ndinakhala pawindo, kapu ya madzi ili m'manja, kudikira. Kumwamba kuli mbuu ngati phulusa. Ndinati mwina lachedwa, nalonso likuopa kuzizira. Kuzizira kwakenso, ndinayasamula kamodzi panja, pakamwa panauma chitsegulire mpaka masana. Tsiku lachiwiri osatuluka. Lachitatu osatuluka. Nanga chinthu chosatuluka chingalowe bwanji? Ndiye la madzulo nalonso sindinamwe.

Mayi a kunyumba anati, "Abambo, tangomwani." Ndinati, "Mayi, udokotala munauphunzira liti?"

Tsiku lachisanu ndi chinayi mutu unayamba kugunda ngati chigayo cha pa Nsaru. Nditaimirira, nyumba yonse inazungulira. Tadala anandimanga chopimira pamkono. Makina aja anawerenga, anawerenga, mpaka anayamba kutuluka thukuta. Musandiyang'ane choncho abusa, ndinaliona ndi maso angawa. Kenako mwana uja anatenga kathumba kaja, n'kupeza kali kodzaza.

"Ababa, mankhwalawa simukumwa?"

"Ndikudikira dzuwa, mwanangu."

"Kuno dzuwa mudzaliona Malichi."

Anafuna kuseka, koma misozi inatsogola. Anati ambiri mwa odwala amene amawasambitsa, akufa ziwalo aja, zinawayamba chonchi. Ndinadziona ndikubwerera ku Kabudula m'bokosi, kunsi kwa ndege, pamodzi ndi masutikesi.

Koma Mulungu ndi wabwino, eti? Mulungu ndi wabwino. Tsiku lomwelo ananditengera kwa adokotala, ndinayambiranso mankhwala. Tadala ananditchera alamu pafoni, yolira ngati tambala, m'mawa ndi madzulo. Sabata isanathe mutu unapepuka. Ndinayenda m'misewu yawo, ndinaona nyanja yamchere, mbatatesi ndinadya mpaka mayi a kunyumba anachita manyazi.

Lero ndaima pano ndi miyendo yanga, ndipo chimanga ndabandira ndekha. Amene mudzapite kunja, kafunseni adokotala ola lomwera mankhwala, chifukwa dzuwa lathuli silikwera ndege. Tambala wa m'foni akulirabe. Tambala wathu weniweni wa pakhomo akumusakasaka nyumba yonse kuti amenyane naye. Dzulo ndinamupeza akujompha thumba la jekete langa.

Ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mwana wa maso, ndi mkazi amene sananene kuti "ndinakuuzani" koposa kasanu patsiku. Masiku asanu ndi anayi dzuwa linabisala, koma Ambuye sanandibisalire. Kondwerani nane, abale. Amayi, imbani nthungululu, ndipo a kwathu atsogolere, pakuti akanakhala atavala zakuda ndi iwowo.