Kapu ya a Jacob Likaka

Malemu a Jacob Likaka anabadwa pa 9 Malichi 1968 kwa Malemia. Mbiri iyi alemba ndi akazi awo, mayi Dina, ndipo ati wowerenga asadumphe liwu ngakhale limodzi.

Sukulu anayamba mu 1976 ku Domasi Mishoni, n'kulekezera Sitandade 7. Mu 1991 anakwatira mayi Dina. Mowa ayi, nkhanza ayi. Vuto lawo linali limodzi, kuopa mabwana kuposa Mulungu.

Mu 2004 analembedwa ntchito pa sukulu yogonera ya kumtundaku, yosamalira madamu a suweji, aja amalandira zonse za m'zimbudzi za ophunzira ndi aphunzitsi. Madzi amayenera kudikha m'madamumo n'kutuluka oyera pa paipi yothira m'khwawa lomwe mudzi uno umatunga. Zaka zoyamba ankatulukadi oyera. Kenaka madamu anadzaza matope. Malemu anapempha kuti akumbidwe, anauzidwa kuti adikire. Madzi anada bii, achule enieniwo anasamuka, ana m'mudzi muno n'kuyamba kutsegula m'mimba.

Mu Novembala chaka chatha amayi a m'mudzi muno, pamodzi ndi mayi Dina, anakwera kusukuluko kukadandaula. Mabwana anatsika nawo mpaka pa paipi atatseka mphuno ndi mahanki, n'kumati madziwo anayezedwa, ndi abwinobwino, fungolo ndi la ndere chabe. Kuti amayi akhulupirire, anatunga kapu n'kupatsa malemu. Malemu anayang'ana akazi awo, anayang'ana bwana wamkulu, n'kugugudiza. Mabwana anawomba m'manja. Munthu wa zidzukulu kumwetsedwa manyi anthu akuona, ati kuteteza ntchito ya magambutsi obooka!

Mu Disembala thupi linayamba kutentha, m'mimba osaima. Kuchipatala anati ndi tayifodi, matumbo abooka. Akuntchito sanabwere kudzazonda ndi mmodzi yemwe, anangotuma munthu kudzatenga magambutsi aja. Malemu anatisiya pa 14 Januwale chaka chino.

Asiya akazi awo, ana awiri, Watipaso ndi Sofia, ndi zidzukulu zitatu zomwe m'mawa uno zamwa madzi a khwawa lomwelo, poti paipi ija ikuthirabe.

Tithokoze amayi a Mvano, adzukulu okumba manda, ndi nonse munagona pasiwa. Tithokozenso inu mabwana mwakhala pamipando kutsogoloku ndi nkhata ya maluwa, madzi a m'mabotolo ali m'manja. Jagi yomwe Sofia waika patsogolo panuyo yatungidwa pa paipi lero, kapu ndi yomwe ija. Mayi Dina ati bokosi silinyamuka pano mpaka mumwe, apo ayi muimirire, munene pamaso pa anthu tsiku lomwe mutseke paipiyo. Munati ndi abwino. Adzukulu, yambani mwakhala pansi.

Mzimu wa a Jacob uuse mumtendere. Kumene apitako kulibe bwana wowapatsa kapu.