Mapiritsi Oyera a Esinati

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ambiri kuno ku Mchengautuwa mumandidziwa kuti make Esinati, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni zimene Mulungu anandichitira pa matenda a khunyu a mwana wanga ameneyu.

Tinachoka ku Zomba kubwera kuno ku Mzuzu bambo ake atawasamutsa pa ntchito yawo ya ukalaliki. Esinati anayamba kugwa asanayambe sukulu. Tsiku lina anagwera pafupi ndi mbaula, chipsera chake chilipobe pamkono. Adokotala anatilembera mapiritsi ofiirira a m'kabokosi kokongola, ochokera kunja, amene tinkagula pa sitolo ina m'tauni. Mwana anasiya kugwa, ananenepa, n'kuyamba sitandade wani. Ine kabokosi kaja ndinkakasunga pamodzi ndi Baibulo.

Kenaka kunabwera zaka zija katundu ankavuta kulowa m'dziko chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Mwini sitolo anangotambasula manja, nati mankhwala aja sakubweranso. Kuchipatala anandipatsa timapiritsi toyera m'kapepala, opanda kabokosi. Anandiuza kuti mankhwala ake ndi omwewo, chasiyana ndi dzina ndi amene anawapanga, koma mtima wanga sunamve. Ndinayenda mpaka kudepoti ndikulira, m'maganizo ndikuona mwana wanga atagweranso pamoto. Ndinapemphera kuti, Atate, ngati timapiritsiti tili ndi mphamvu, ndionetseni, ine ndekha ndalephera kukhulupirira.

M'mawa mwake ndinapita kusukulu kukamuchotsa Esinati kuti azikhala pafupi nane. Aphunzitsi ake anali aNyaManda, mayi a ku Nkhata Bay, amtali, oseka mokweza. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa kapepala konga kanga komwe.

"Amama, taonani," anatero. "Ine khunyu ndili nalo kuyambira ndili mtsikana. Ndimamwa timeneti, ndipo tandisunga makora chomene, bwino kwambiri. Mwanayu musandilande, ndi amene amatsogolera nyimbo m'kalasi."

Abale, ndinaseka misozi ikutsika. Mayi ophunzitsa ana onsewo, oyenda pa njinga tsiku lililonse kuchokera ku Zolozolo, anali ngati mwana wanga! Anandilangiza kuti ndisadumphitse tsiku, ndipo ndikaona chachilendo ndibwerere kuchipatala msanga.

Sindinganame kuti zonse zinayenda myaa. Masabata oyamba Esinati ankawodzera masana, mpaka anagona pa desiki. Tinabwerera kwa adokotala, anachepetsako muyezo, tulo tija tinatha. Dandaulo la Esinati limene linatsala linali loti oyerawa ndi owawa, ndiye tinapangana kuti akameza azilandira nthochi. Mlongo wake wamng'ono anayamba kunamizira kudwala kuti nayenso alandireko.

Kugwa sikunabwerere. Chaka chatha Esinati anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo m'sutikesi mwake analongedza yekha mankhwala ake, ine osamukumbutsa. ANyaManda anabwera kudepoti kudzamuperekeza, ndipo basi itanyamuka anakuwa kuposa ine make.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha ndisanamalize n'kulira komwe. Amayi anzanga amene muli ndi ana akugwa, musawabise m'nyumba, musawachotse sukulu. Akakusinthirani mankhwala funsani mpaka mumvetse, mwetsani mwana mokhulupirika, ndipo pempherani osatopa. Yewo chomene, Ambuye akudalitseni nonse.