Khasu la Abishopu

Pa siteji ya minibasi ku Bangwe, mayi wina wovala yunifolomu ya amayi a Angilikani anali atafungatira tambala. Bambo amene anaima pambali pake analephera kuugwira mtima.

"Tambalayu ngwamalonda, mayi?"

"Ayi, ngwa abishopu athu. Akupuma pantchito lero."

"Anakuchitirani chiyani?"

"Amuna anga anali a Payoniya, aja ankaopedwa nthawi ya chipani chimodzi. Atamwalira, anyamata akwathu anakana kukumba manda, ati akawakumbire achipani. Abishopu anangovula mkanjo, n'kutenga khasu."

"Iwo aja? Ndi mimba ija?"

"Ndi mimba ija! Thukuta kamukamu, mpaka anyamatawo manyazi anawagwira, n'kuwalanda khasulo."

"Ndiye abishopuwo anakumba bwino?"

"Mokhota, bambo. Koma amuna anga anaikidwa ngati munthu."