Wankhonya wa ku Mexico Amene Anadzutsa Dzanja Langa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mukuwerengera. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Woodbridge, kuno ku America. Zaka zitatu zapitazo ndinagwidwa ndi sitiroko ndili pantchito yosamalira okalamba ku Fairfax. Mwendo unachira msanga, koma dzanja lamanja linangoti lende ngati si langa.

Ntchito inatha. Masiku a mafizo amene inshuwalansi inalola anathanso ndisanayambe n'kugwira supuni komwe. Mwana wanga wamkazi ndiye ankandimanga mabatani. Ndinkapemphera, koma kunena zoona ndinali nditasiya kupempha machiritso, ndinkangopempha kuti ndizolowere.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala bambo wachikulire wa ku Mexico, a Ramiro. Ndinkachita nawo chidwi kuyambira kale. Mphuno yawo inali yophwatalala, makutu otupikana, diso lamanzere loyera, ndipo m'mawa mugalaja mwawo munkamveka ngati munthu akupuntha nyemba. Loweruka lina ndikuchokera kotenga makalata, ndinalephera kupirira, ndinasuzumira. Ndinaona chithumba cholendewera kudenga, ndi anthu achikulire atatu, wina wonjenjemera manja, akusinthana kuchimenya.

A Ramiro anayang'anitsitsa dzanja langa. M'Chingerezi chawo chodukaduka anati, "Mayi, dzanjalo langoiwala. Mubwere nalo Lolemba."

Ndinaseka. Ine mayi wa kwaya, nkhonya ndi za chiyani? Komabe ndinapita, makamaka pofuna kudziwa kuti munthuyu ndi ndani.

Mwezi woyamba ankandiveka golovesi, ine n'kumangokhudza thumbalo. Popuma ndinkawapanikiza ndi mafunso, iwo n'kumayankha pang'onopang'ono. Anakulira kuseri kwa msika akunyamula matumba a chimanga. Anafika pokhala katswiri wa dziko lawo lonse pa nkhonya za anthu opepuka thupi, ndipo lamba wa ukatswiriwo anamusunga zaka zingapo. Pankhonya yomaliza diso linawonongeka, owatamanda onse anabalalika, iwo n'kubwera kuno kudzagwira ntchito yofolera nyumba. Nditafunsa komwe kuli lambayo, analoza katoni ya pafupi ndi zitini za penti.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene amavutikira ndi ife odwala, m'malo mophunzitsa achinyamata amphamvu. Anamasula zingwe za golovesi yanga. Kenako anati, "Amayi anga anadwala matenda anu omwewa. Ine ndinali kutali, ndikumenya nkhonya. Ndinafika atawaika kale."

Sindinafunsenso kanthu tsiku limenelo.

M'mwezi wachisanu ndinamenya thumba lija mpaka linagwedezeka. Dokotala atandiyeza anandiuza kuti ndisasiye. Chaka chisanathe ndinabwerera kuntchito.

A Ramiro anamwalira chaka chatha. Pamaliro pawo ankhonya anali ochepa. Tinachuluka ndi ife, ena pa ndodo, ena pa njinga za olumala. Mwana wawo anatisiyira kiyi wa galaja, ndipo Loweruka lililonse ine ndi amene ndimaveka anzanga magolovesi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene sitinkamvana bwino n'chilankhulo chomwe. Inu amene mukudwala, musaleke kupemphera, musaleke mankhwala, ndipo musamusankhire Mulungu munthu woti amutume kwa inu. Umboni uwu ndaulemba ndekha, ndi dzanja lamanja.