Nthano imene ndinalembera mlamu wanga

Abale ndi alongo, ine ndinali mayi wa mapemphero, koma mumtima ndinkanola mpeni.

Amuna anga atamwalira, mlongo wawo, ba Esinati, a mpingo wathu womwe uno wa ku Chawama, anabwera ndi kalole. Ananyamula bedi, mbale, ndi makina anga osokera amene ankadyetsa ana. Anaima pakhomo ndi ambulera yawo yofiira nkunena kuti, "Vonse ivi ni va m'bale wanga." Ndinangolumbira kuti adzandiona.

Ndewu sindiidziwa, koma kulemba ndimatha. Ndinayamba nthano ya mayi wina dzina lake Nzeru, amene Mulungu ankamulankhula m'maloto kuti azilangiza akazi a m'komboni. Ndinaikamonso mkazi wolanda katundu wa amasiye. Dzina sindinamupatse. Ndinangomugwiritsa ambulera yofiira.

Lachinayi lililonse pamsonkhano wa amayi ndinkawerenga gawo limodzi, kenako nkufunsa ndi mawu ofatsa, "Mwaiona bwanji? Nikonze pati?" Bodza lokhalokha. Sindinkafuna kukonza kanthu. Ndinkafuna kumva amayi akumulavulira mkazi uja. Wina anati chimugwere chiphaliwali, wina anati miyendo yake iume. Ine ndinasankha miyendo. Ba Esinati anasiya kubwera kutchalitchi, ine mtima nkukhala mbee.

Tsiku lina anagwa pamsika, mbali imodzi ya thupi nkufa. Nditamva ndinavina, ndisakunamizeni. Ndinati Mulungu wawerenga nthano yanga. Amayi aja, amene salephera kukazonda wodwala aliyense, kwa ba Esinati sanapondeko. Ankati ndi chilango.

Sizinandikwanire. Ndinalemba gawo lomaliza, mkazi wa ambulera akufa yekhayekha, ndipo ndinapita kukawawerengera ba Esinati pamaso.

Ndinawapeza atagona pabedi langa lomwe lija. M'nyumba munkanunkha, ntchentche zili ng'waa. Ndinawerenga chiimire, mokweza, osadumpha liwu ndi limodzi lomwe. Nditamaliza ndinafunsa funso langa lija, "Mwaiona bwanji?"

Kukamwa kwawo kunali kutapotoka, mawu ankatuluka movutikira.

"Ni yabwino, mulamu. Wa ambulela ni ine, niziba. Koma uja Nzeru wanu, sasambikako odwala? Kuchokela pamene ninagwa sininasambe."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayesa kukumbukira pamene Nzeru anachitira munthu chabwino, koma panalibe. Nzeru uja ankangotemberera, ndipo pakamwa pake panali panga. Pamenepo Mzimu anandigwira.

Ndinakoleza mbaula, nkutereka madzi. Ndinawasambitsa ndikulira, theka ndi manyazi, theka ndi ukali. Thupi lawo linali litapepuka ngati mtolo wa zovala.

Musaganize kuti ndasanduka mngelo. Makina aja anagulitsidwa kalekale, ndipo masiku ena ndikamawapukuta msana ba Esinati mkwiyo umabwerera. Koma Yesu wandilanda mpeni uja, ndipo ndikautola amandilandanso. Dzina lake litamandike!

Nthano ija ndayamba kuilembanso. Lachinayi lino sindiiwerengera kuno, ndikaiwerengera kunyumba kwa ba Esinati, ndipo avomera. Amayi, inu amene munandithandiza kusankha chilango, bwerani mudzandiuze pofunika kukonza. Ulendo uno ndikufunsa zenizeni. Pobwera mutenge sopo.